Tinasefa madzi ndi botolo kutchire, koma alamu anadwalabe

Bambo a Tadala (Mwansambo):
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala chete sabata ino chifukwa ndimadwazika alamu anga. Ndati ndikufotokozereni zimene zinatichitikira, mwina wina andiuze pomwe tinalakwitsa.

Lachiwiri lapitali tinapita kukayendera ming'oma yathu ya njuchi kumapiri a mbali ya ku Ntchisi. Njinga yamoto tinaisiya pamudzi womaliza n'kuyamba wapansi. Madzi tinanyamula m'botolo la Sobo la malita awiri ndi kabotolo kena kakang'ono, poti timati pofika 2 koloko tikhala titabwerera. Potsika khwawa lina alamu anaterereka pamwala n'kubinya phazi, kuponda osatheka. Netiweki kunalibe. Kuwabereka ndinayesa, koma ndi dzuwa la Okutobala lino sitinapite patali. Pomwe kumada n'kuti madzi onse atatha.

Tinagona pomwepo. M'mamawa ndinafukula mchenga wa m'khwawamo, pokhota pomwe panamera mkuyu, mpaka mkono wonse unalowa. Madzi anayamba kubwera pang'onopang'ono, koma ofiira ngati thobwa la mawere. Ndinatenga mpeni n'kudula kumatako kwa botolo lalikulu lija, kulizondotsa, kukamwa kwake n'kumangako kansalu kong'amba ku malaya anga. M'kati ndinaikamo makala osinja amene ndinatola pa chitsa chakupsa palupsa, pamwamba pake mchenga, kenako timiyala. Oyamba kutuluka anali akuda bii. Nditawabwezamo kachitatu anatuluka oyera mbee, tikuwalandirira m'kabotolo kaja. Tinamwa mpaka ludzu linatha. Cha m'ma 11 koloko anyamata ena odula nsungwi anatipeza, ndi amene anandithandiza kunyamula alamu.

Lachisanu usiku alamu anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Ine m'mimba munangopotokola tsiku limodzi. Funso langa ndi ili: madzi aja anali oyera ngati a pa mjigo, nanga matendawa achokera kuti?

Nabanda:
Pepani kwambiri bambo a Tadala. Panopa alamuwo ali bwanji? Mwapita nawo kuchipatala?

Bambo a Tadala (Mwansambo):
Tinapita nawo Loweruka m'mawa, mayi. Anawapatsa Thanzi ORS ndi mankhwala ena, phazinso anawamanga. Akuti si kolera. Lero adyako phala.

Mlangizi wa Zaumoyo (Benga):
Zikomo bambo potiuza zonse mosabisa, nkhani imeneyi ithandiza ambiri. Choyamba ndinene kuti simunalakwe kumwa madziwo. Munthu amene wakhala usiku wonse opanda madzi m'chilimwe muno, atayenda padzuwa, ludzu likhoza kumugwetsa msanga kuposa matenda a m'mimba. Kutsegula m'mimba tili nako ndi mankhwala, mukafika kumudzi. Ludzu la kutchire lilibe wokuthandizani.

Koma sefa yanuyo ntchito yake inali kuchotsa matope basi. Tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, kamwazi, tayifodi ndi kolera ndi tating'ono kwambiri moti mipata ya pakati pa mchenga kwa ito ndi msewu waukulu. Makala a palupsa amachepetsako fungo ndi kakomedwe koipa, sapha kanthu. Ndiponso mchenga umene munaika m'botolomo unachokera m'khwawa lomwelo, momwe anyani, nguluwe ndi ng'ombe zimamwa ndi kuchita chimbudzi. Maso amanyenga pa nkhani ya madzi. M'mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ambiri amene tinkawagoneka m'misasa kuno kunyanja ankanena mawu omwewo akuti "komatu madziwo anali oyera."

Kusefa ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kupha tizilombo, ndipo njira zake ndi kuwiritsa, kuthira klorini monga WaterGuard, kapena kuyanika padzuwa.

Yamikani wa pa Boma:
Adokotala, kuyanika madzi padzuwa? Ngati ufa?

Mlangizi wa Zaumoyo (Benga):
Eya achimwene, ndipo apa ndi pamene botolo la pulasitiki limagwira ntchito yaikulu kuposa kusefa kuja. Njirayi imatchedwa SODIS, akatswiri a ku Switzerland anaiyesa kwa zaka zambiri ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaivomereza ngati njira yotetezera madzi pakhomo. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mphamvu ina yosaoneka ndi maso, yotchedwa UV, imene imawononga tizilombo, ndipo kutentha kumathandizira.

Mumatenga botolo loonekera m'kati, lopanda mtundu, ngati la madzi ogula kapena la Sobo lomwelo, losapitirira malita awiri. Chotsani chipepala cha kunja. Thirani madzi osadzazitsa, tsekani, khutchumulani kwa kanthawi kuti mpweya usakanikirane ndi madzi, kenako dzazitsani n'kutseka. Ligonekeni chogona, osati choimika, pamwala kapena pa lata pomwe mthunzi sufika. Dzuwa likakhala lowala bwino, maola 6. Kukachita mitambo yambiri, masiku awiri. Kukamagwa mvula tsiku lonse musadalire njirayi, ingotcherani madzi a mvulawo.

Chofunika kwambiri n'choti madziwo akhale oyera kaye, chifukwa matope amatchinga kuwala. Ndiye sefa ya bambo a Tadala inali poyambira pabwino. Poyesa, imikani botolo lodzaza pamwamba pa mutu wa nkhani wa m'nyuzipepala, chotsani chotsekera, muyang'ane kuchokera kukamwa. Zilembo zikamawerengeka, madziwo ndi oyenera kuyanika.

Bambo a Tadala (Mwansambo):
Ndamva adokotala. Koma maola 6 munthu pakhosi pali gwaa, alamu milomo itang'aluka? Kunena zoona sindikanatha kudikira.

Mlangizi wa Zaumoyo (Benga):
N'chifukwa chake ndati simunalakwe. Oyambawo mumamwa kuti mupulumuke. Koma otsatirawo mukanawagoneka pamwala, chifukwa simumadziwa kuti mupezeka nthawi yanji. Anyamata a nsungwi aja akanapanda kudutsa, mukanagonanso, ndipo madzi a madzulo akanakhala otetezeka. Kuchepetsa madzi oipa amene alowa m'thupi kumachepetsanso mwayi wodwala.

Agogo a ku Sani:
Ana inu ndikuwerenga, mdzukulu wanga akundilembera. Bambo a Tadala, chimene chandiwawa ine n'chakuti munadula botolo lalikulu n'kusiya laling'ono. Pamenepo munataya mtsuko wanu. Sefa mukanapangira kakang'onoko, lalikululo likhale losungira. Kutchire chotengera madzi chimene chimatsekeka ndi chuma, musamafulumire kuchiika mpeni. Ife kale popita kuuzimba tinkatenga chipanda, ndipo wochiswa ankadzudzulidwa kuposa wotaya nthungo.

Bambo a Tadala (Mwansambo):
Zoona agogo, ndinazindikira pobwerera. Anyamata aja atatinyamula, madzi a panjira tinali ndi kabotolo kokhako, anthu asanu.

Yamikani wa pa Boma:
Koma machesi munali nawo eti? Poti popita ku njuchi simungasiye moto. Ine ndinaona kanema pa Facebook munthu akuwiritsa madzi m'botolo la pulasitiki lomwelo, atalipachika pamwamba pa moto. Silinasungunuke.

Bambo a Tadala (Mwansambo):
Machesi analipo. Koma poto tinalibe, ndiye za kuwiritsa sizinandibwerere n'komwe.

Mayi a Chikondi (Dwangwa):
Ayi Yamikani, zimenezo musaphunzitse anthu. Pulasitiki pamoto ndi poizoni. Ine ngakhale kukoleza mbaula ndi majumbo ndinaletsa pakhomo panga, fungo lake limalowa mpaka mu nsima.

Aphunzitsi a Sayansi:
Nonse awiri muli ndi mbali yoona. Ine ndinayesapo kuseri kwa nyumba. Botolo likakhala lodzaza, madzi amatenga kutentha kuchoka ku pulasitiki, ndiye silibooka msanga. Madzi amawira pa madigiri 100, pomwe pulasitiki ya mabotolo amenewa imasungunuka kupitirira madigiri 200. Koma imayamba kufewa madzi asanawire n'komwe. Langa linakwinyika, linafupika, kunja kunada ndi mwaye, ndipo madzi ankamveka pulasitiki. Pamene palibe madzi, cha kukhosi kwa botolo, lawi likangofika pamabooka nthawi yomweyo. Chotsekera muyenera kuchotsa, mukasiya chotseka nthunzi ikhoza kuliphulitsa n'kukuwotchani kumaso.

Ndiye ndinganene kuti ndi njira ya tsiku limodzi pamene moyo uli pachiswe, osati ya masiku onse. Pakati pa kolera ndi madzi omveka pulasitiki kamodzi, ine ndingasankhe achiwiriwo. Koma botololo mukatero mwalitaya, kuyanikira padzuwa silingathekenso.

Agogo a ku Sani:
Nanga mukuvutikiranji ndi pulasitiki pamoto pomwe mwanena nokha kuti kumeneko kuli nsungwi? Dulani nsungwi yaiwisi yaikulu, musiye mfundo kumunsi, kumwamba kotsegula. Thiranimo madzi, itsamiritseni pamoto. Imawiritsa bwinobwino isanapse. Ife tinkaphikiramo ngakhale nyama. Botolo ntchito yake kutunga ndi kusunga, nsungwi ntchito yake moto.

Mlangizi wa Zaumoyo (Benga):
Agogo atiphunzitsa chinthu chachikulu. Madziwo akangofika pobwata kwenikweni kwa mphindi imodzi, akwana. Muwasiye azizire musanawathire m'botolo.

Mayi a Chikondi (Dwangwa):
Imeneyo ndiye ndavomereza. Koma ndiwonjezere china chimene chimandidetsa nkhawa kuno kwathu. Anthu amatola botolo lililonse. Kuminda kuno mabotolo ambiri a zakumwa anthu amagawiranamo mankhwala opha udzu ndi a mbozi za m'chimanga, ena amagulitsiramo petulo m'mbali mwa msewu. Mwana wa mnansi wanga anamwa madzi a m'botolo limene bambo ake anasungiramo mankhwala a tomato, atalitsuka kale ndi sopo, koma anagonekedwa kuchipatala masiku atatu. Dzuwa la adokotalalo silichotsa mankhwala, moto suchotsa, sefa sichotsa. Botolo lotola kutchire kapena kumunda linunkhizeni kaye, ndipo ngati mukulikayikira musamwere. Ligwiritseni ntchito zina.

Mlangizi wa Zaumoyo (Benga):
Ndasainira mawu amenewo, mayi.

Msodzi wa ku Chia:
Ine za kumapiri sindizidziwa, tchire langa ndi nyanja. Koma botolo ndi chigubu ndi zimene zinandibweza kwa ana anga.

Unali mwezi wa Julaye, nthawi ya mwera. Tinalowa madzulo anthu anayi kukatchera usipa, nyanja ili bata. Pakati pa usiku mphepo inasintha, injini inamwa madzi n'kuzima. Nkhafi tinali ndi imodzi, ina inapita ndi funde. Madzi amalowa m'boti kuposa mmene timakapira, chifukwa chokapira chathu chinali chitayandama n'kutisiya. Mnzathu wina anadula chigubu cha malita asanu chopendekera, kusiya chogwirira, ndiye chinakhala chokapira chabwino kuposa choyamba chija. Tinkalandizana, wina akatopa wina, mpaka kunacha.

Chimene tinachita china, tinakhuthula mabotolo onse amene anali m'boti, a thobwa, a madzi, n'kuwatseka zolimba. Tinadula chidutswa cha ukonde, kukulungamo mabotolo anayi anayi, n'kumangirira pachifuwa cha awiri amene sankatha kusambira bwino. Zigubu ziwiri za mafuta zopanda kanthu tinazimanga ku boti kuti likatembenuka tikhale ndi pogwira. Mulungu anatichitira chifundo silinatembenuke. Tinatengedwa usiku uwiri, kumtunda osaoneka, mpaka asodzi a cha ku Dwangwa anatikoka.

Ludzu silinativute poti nyanja yathu madzi ake si amchere. Chinatizunza ndi kuzizira ndi njala.

Nabanda:
Mayo ine! Achimwene, thupi langa lachita tsembwe. Mabotolo anayi angamunyamuledi munthu wamkulu?

Aphunzitsi a Sayansi:
Masamu ake ndi osavuta, mayi. Botolo lopanda kanthu la lita imodzi, lotsekedwa bwino, limanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi m'madzi. Anayi a malita awiri ndi makilogalamu 8. Munthu akakhala m'madzi thupi lake lambiri limanyamulidwa kale ndi madziwo, chimene chimafunika n'choti mutu ukhale pamwamba, ndiye makilogalamu 8 amathandiza kwambiri. Chigubu cha malita 20 ndiye chimaposa apo. Koma pomanga pakhale pachifuwa ndi m'khwapa monga anachitira achimwenewa. Mukamanga m'chiuno kapena m'miyendo, miyendo imakwera mutu n'kumira.

Msodzi wa ku Chia:
Ndipo zisalowe m'malo mwa jekete yoyandamitsa ija. Mabotolo amatha kuchoka pathupi pafunde lalikulu, chotsekera chikhoza kumasuka. Ine chichokereni tsiku limenelo ndinagula majekete awiri, enawo ndikusonkhabe ndalama. Boti likatembenuka musalisiye kuti musambire kupita kumtunda. Mtunda umaoneka pafupi koma suli pafupi, ndipo ofufuza amaona boti msanga kuposa mutu wa munthu.

Yamikani wa pa Boma:
Nanga za njala, simukanapanga mono wa botolo? Timadula kukhosi, kulowetsa chozondotsa m'kati, kuikamo gaga kapena nsima, tinsomba tikalowa osatulukanso. Tili ana tinkagwira nazo timatemba m'mphepete mwa Kaombe.

Msodzi wa ku Chia:
Umenewo umagwira m'madzi osaya, m'mabango, osati pakati pa nyanja mafunde ali msinkhu wa nyumba. Koma kumtsinje eya. Boolani timabowo m'mbali kuti madzi azidutsa ndi fungo la nyambo lizituluka, muikemo mwala kuti lisayandame, kukamwa kuloze kumunsi kwa mtsinje poti nsomba zimakwera motsutsana ndi madzi. Ndi nzeru ya mono wa makolo womwewo, kungoti uwu ndi waung'ono.

Amalume Opuma (kale a zanyama):
Ndakhala ndikuwerenga mwachifatse. Ndinagwira ntchito m'nkhalango zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndiikepo zanga.

Poyamba za mono. Kunja kwa nkhalango chitani, koma m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota kupha nsomba popanda chilolezo ndi mlandu. Mtsinje wa Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa kumene mpasa imakwerabe kukaswana, n'chifukwa chake amautetezera chotero.

Chachiwiri, potunga. Anthu ambiri amene ndinawaona atavulala kutchire sanavulale ndi madzi akumwa, anavulala potunga. Bua ali ndi ng'ona, ndipo ng'ona imadikira pamalo pomwe nyama zimatsikira. Musagwade m'mphepete mwa dziwe lakuya n'kumiza botolo ndi dzanja, likuchita kubwibwibwi. Mangani luzi kapena chingwe cha nsapato kukhosi kwa botolo, ikanimo timiyala kuti limire, muponye muli chapatali pamalo okwera, n'kukoka. Apo ayi limangirireni ku nsonga ya nsungwi yaitali. Zimene anachita bambo a Tadala zofukula mchenga ndi zabwino koposa, ndipo ngakhale mtsinje uli ndi madzi, kufukula kadzenje mapazi angapo kuchoka m'mphepete kumakupatsani madzi oyererako ndiponso kumakutalikitsani ndi ng'ona. Njovu nazo zimachita chimodzimodzi m'chilimwe, zimakumba mumchenga.

Chachitatu, nkhalango ya lero si ya kale ija. A bungwe losamalira nkhalango la African Parks atayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi boma mu 2015, anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Malo ake ndi aakulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Munthu wodutsa waya n'kusochera m'menemo, vuto lake loyamba si ludzu. Ife poyenda tinkasamala mphepo kuposa china chilichonse, chifukwa njovu siona patali koma imanunkhiza kwambiri. Kabotolo kakang'ono kouma, muikemo phulusa losefa, chotsekera muboole ndi minga. Mukakafinya, phulusa limakuuzani kumene mphepo ikupita ngakhale pamene tsamba silikugwedezeka. Fungo lanu lisapite kumene kuli nyama.

Bambo a Tadala (Mwansambo):
Amalume, ife tinali kunja kwa waya, ming'oma yathu ili kumapiri a m'mudzi. Koma ya phulusayo ndaitola. Ku njuchi nakonso imafunika, kuti utsi upite koyenera.

Amalume Opuma (kale a zanyama):
Ndikudziwa bambo, sindimakunenani. Ndimanenera achinyamata amene akuwerenga. Koma funso limodzi: kunyumba munanena kumene mukupita ndi nthawi yobwerera?

Bambo a Tadala (Mwansambo):
Tinangoti tikupita ku njuchi. Ming'oma tili nayo malo atatu, ndiye mayi a kunyumba anatumiza anthu kumalo olakwika.

Amalume Opuma (kale a zanyama):
Pamenepo ndi pamene panatalikitsa usiku wanu. Ndiponso poti machesi munali nawo, m'mawa mukanasonkha moto pamchenga wa m'khwawamo, pomwe sungathawire kutchire, n'kuponyapo masamba aawisi. Utsi woyera wa m'mawa mphepo isanayambe umaoneka kutali kwambiri.

Mphwanga wa Kabaza:
Akuluakulu ndifunse nawo. Ndinamva kuti njoka ikakuluma, utenge botolo, ulifinye, uike kukamwa kwake pabala n'kulisiya, limayamwa ululu wonse. Ndi zoona? Ife a kabaza timayenda usiku m'njira za kumidzi.

Mlangizi wa Zaumoyo (Benga):
Ayi mphwanga, chonde musachite. Ululu ukalowa umafalikira m'minofu nthawi yomweyo, palibe botolo kapena pakamwa pamene pangaubweze. Mumangotaya nthawi n'kuwonjezera kutupa. Musatemere, musamange mwendo ndi lamba kapena mphira mpaka magazi kuima, makamaka ikakhala mphiri, chifukwa mwendo ukhoza kuwola. Vulani mphete, nsapato ndi chilichonse chothina, mwendowo muumangirire ku kamtengo kuti usamagwedezeke, munthuyo asayende yekha, mumunyamule msanga kupita kuchipatala.

Pomwe botolo limathandiza pa nkhani ya njoka ndi pa ija yolavulira m'maso. Pamenepo tsukani m'maso ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, kwa mphindi zingapo osalekeza, diso lili chotsegula, kenako kuchipatala. Ndipo pa bala wamba, monga mwagwa pa njinga mchenga walowa, boolani chotsekera ndi singano kapena minga, finyani botolo. Madzi amatuluka mwamphamvu ngati jakisoni n'kuchotsa dothi lonse. Akhale madzi oti mukhoza kumwa.

Mphwanga wa Kabaza:
Zikomo adokotala. Ndikauza anzanga pa siteji, ambiri amakhulupirira za botolozo.

Yamikani wa pa Boma:
Aphunzitsi, nanga zoyatsa moto ndi botolo la madzi zija? Kapena ndi za m'makanema chabe?

Aphunzitsi a Sayansi:
Zimatheka koma n'zovuta. Mbali yozungulira ya paphewa pa botolo, likadzaza madzi oyera popanda thovu la mpweya, imasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi ngati galasi lokulitsira zinthu. Ndinayesa ndi ana a Fomu 2 masana dzuwa lili paliwombo. Pa magulu asanu ndi limodzi, awiri okha ndi amene anafukitsa pepala, ndipo linali pepala la inki yakuda, loyera linakana. Mabotolo ambiri a masiku ano ali ndi mizeremizere imene imamwaza kuwala. M'mawa, madzulo kapena kukachita mitambo, iwalani, chonsecho nthawi imene munthu amafuna moto kwambiri ndi yomweyo. Ine ndimauza ana kuti ntchito yabwino ya kabotolo pa nkhani ya moto ndi kusungiramo machesi pamodzi ndi kachikhetcho kake kuti asanyowe.

Msodzi wa ku Chia:
Ife m'boti ndi mmene timasungira. Machesi, mchere ndi ndalama, zonse m'botolo louma. Foni yaing'ono timaika m'chibotolo cha kukamwa kwakukulu.

Nabanda:
Ine nkhawa yanga ndi dzinja likubwerali. Mvula ikangoyamba amayi ndi ana timalowa m'tchire kukazula bowa, ndipo chaka chilichonse timamva kuti wina wasochera chifukwa wozula bowa amayenda maso ali pansi. Nthawi imeneyo madzi ali paliponse koma onse ndi amatope, dzuwa kulibe. Pamenepo tizitani adokotala?

Mlangizi wa Zaumoyo (Benga):
M'dzinja mnzanu ndi mvula yomweyo. Tambasulani jumbo kapena pepala la pulasitiki limene mwafunda, ngodya imodzi ilowe kukamwa kwa botolo. Chitenje choyera nachonso chikanyowa mukhoza kufinyira m'botolo. Madzi a mvula otchera mwachindunji ndi abwino kuposa a m'chithaphwi chilichonse. Mukakakamizika kutunga amatope, asiyeni m'botolo adikhe, mupungulire oyera a pamwamba m'botolo lina kudzera pa chitenje chopinda kanayi kapena kuposa.

Ndipo poti mumachoka kunyumba mukudziwa kuti mukulowa m'tchire, tengani kabotolo ka WaterGuard kapena klorini amene timagawa uja, muthire monga mwa muyeso wake ndi kudikira mphindi 30. Klorini safuna dzuwa. Koma nayenso amafooka m'madzi amatope, ndiye kudikhitsa ndi kusefa kumayamba.

Mayi a Chikondi (Dwangwa):
Podikhitsa matope ife timagwiritsa ntchito njere za chammwamba. Zouma bwino, kuchotsa khungu, kusinja njere imodzi kapena ziwiri pa lita imodzi, kuthira m'botolo n'kukhutchumula kwambiri, kenako kulisiya ola limodzi kapena awiri. Matope onse amagwirana n'kutsikira pansi, mumachita kuona ndi maso. Ndinaphunzira nthawi ya madzi osefukira mijigo itamira.

Mlangizi wa Zaumoyo (Benga):
Imeneyo ndi yoona mayi, chammwamba chimagwiradi ntchito imeneyo. Koma chili mbali ya sefa, sichili mbali ya moto. Mukatha, wiritsani, thirani klorini kapena yanikani, ndipo madzi a chammwamba musawasunge masiku, mumwe tsiku lomwelo.

Ndionjezere cha alamu a bambo a Tadala, poti zikhoza kumugwera aliyense ali kutali ndi chipatala. Mukasowa Thanzi, botolo ndi muyeso wanu. Lita imodzi ya madzi otetezeka, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mabotolo awiri a 500 ml ndiye lita imodzi. Mchere musapyoze, lawani, asawawe kuposa misozi. Wodwala azimwa pang'onopang'ono ngakhale akusanza, muli pa ulendo wa kuchipatala.

Agogo a ku Sani:
Nabanda mwana wanga, uwauzenso anzako a bowawo kuti akazindikira kuti asochera akhale pansi. Wosochera akamathamanga ndiye amapita kutali. Ndipo botolo lopanda kanthu ukaikamo timiyala n'kumagwedeza, kapena kulimenya pamtengo, limamveka patali pomwe mawu ako atasasa kale ndi kukuwa.

Nabanda:
Ndamva agogo. Ndikanena Lachinayi ku msonkhano wa amayi.

Bambo a Tadala (Mwansambo):
Ndabweranso abale. Alamu lero adya nsima ndi usipa, ayendako ndi ndodo mpaka pabwalo. Ndawawerengera zonse zimene mwalemba, akuti ndikuthokozereni, makamaka agogo pa za nsungwi zija, akuti tinagona pafupi ndi phata lake usiku wonse.

M'mawa uno ndatunga madzi a pachitsime cha kudimba m'mabotolo awiri. Ndayesa pa nyuzipepala monga ananenera adokotala. Limodzi zilembo zimawerengeka, ndaligoneka padenga la malata kuyambira 8 koloko. Linalo zilembo sizimaoneka n'komwe, chonsecho ndi madzi amene ana amamwa akamathirira mbewu. Loweruka ndikubwerera kumapiri ndi mwana wanga wamkulu, ming'oma ija sitinaifike, ndikatolenso zidutswa za botolo zimene ndinasiya m'khwawa muja. Mayi a kunyumba ndawauza kale phiri lake ndi khwawa lake.

Mayi a Chikondi, chammwamba cha kwathu kuno mbuzi zinadya chisanabereke. Njere zouma mungakhale nazo zapadera?

Mayi a Chikondi (Dwangwa):
Zilipo zambiri bambo. Mawa ndipatsira mwana wa achemwali anga amene akubwera pa Boma, azisiya kwa Yamikani. Ndiikamo zokwanira kuti zina mudzale kudimbako.

Yamikani wa pa Boma:
Ndizilandira mayi. Bambo a Tadala, mundiimbire mukafika pa depoti.